Semesita ku Ireland: mafunso a wophunzira ndi kholo lake asanagule tikiti

Semesita ya ku mayunivesite a ku Ireland kutalika kwake n'ngati kuyambira podzala chimanga kufika podya dowe: miyezi inayi, mwinanso osakwana. Wophunzira amene wapeza mwayi wopita kumeneko alibe masabata otaya posaka pogona kapena pokonza mapepala amene akadawakonza ali kumudzi. Ulendo wotere umakoma kapena kuwawa malinga ndi zimene munthu wachita asanakwere ndege. Mafunso ali m'munsiwa ena ndi amene ophunzira ndi makolo amafunsa kawirikawiri, ena ndi amene amaiwala kufunsa.

Kodi Ireland si mbali ya Britain?

Ayi. Chilumba n'chimodzi koma maboma ndi awiri. Gawo lalikulu ndi Republic of Ireland, dziko limene lidachoka m'manja mwa Britain mu 1922. Likulu lake ndi Dublin, ndalama yake ndi yuro, ndipo lili m'bungwe la European Union. Zigawo 6 za kumpoto ndizo Northern Ireland, yomwe ili pansi pa United Kingdom, mzinda wake waukulu ndi Belfast, ndipo kumeneko amagwiritsa ntchito mapaundi.

Kwa munthu wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe, viza ya Ireland ndi ya Ireland yokha. Siingakulowetseni ku London, ndiponso siingakulowetseni ku Paris, poti Ireland sali m'gulu la maiko a Schengen. Msampha uli pa Belfast. Basi yochokera ku Dublin imafika kumeneko m'maola awiri ndi pang'ono, pamalire palibe chipata ngakhale mpanda, ndipo anzanu a m'kalasi ochokera ku Germany kapena ku Spain adzakukokani kuti mukayende Loweruka. Iwo safunika viza. Inu mukufunika ya UK, ngakhale malirewo saoneka ndi maso.

Munthu amapita bwanji kwa semesita imodzi kapena chaka chimodzi chokha?

Njira yoyamba ndi ya mgwirizano. Yunivesite yanu ikakhala pa ubale ndi ina ya ku Ireland, awiriwa amasinthana ophunzira, ndipo nthawi zambiri wopitayo salipira fizi ya kumeneko. Ina mwa migwirizano yotere imalandira ndalama kuchokera ku pologalamu ya Erasmus+ ya European Union, yomwe ili ndi gawo lothandiza ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya. Malo amakhala ochepa kwambiri ndipo salengezedwa mokuwa. Pitani ku ofesi yoona za maubale akunja ya pa yunivesite yanu, kapena kwa mkulu wa dipatimenti, mukafunse nokha. Safunsa adadya phula.

Njira yachiwiri ndi yodzilipirira ngati wophunzira wongocheza. Ophunzira ambiri a ku America amabwera chotere, ndipo fizi yake imafika mayuro masauzande angapo pa semesita. Mabanja ambiri a kwathu sangaikwanitse, ndipo sindingalimbikitse kholo kugulitsa munda chifukwa cha miyezi inayi.

Njira imene yadutsitsa anthu ambiri a kwathu kuno ndi ya digiri yachiwiri, poti masitazi ambiri ku Ireland ndi a chaka chimodzi. Boma la Ireland lili ndi pologalamu ya Ireland Fellows Programme, yomwe mizu yake idayamba mu 1974. Imalipira fizi, ndege, pogona ndi chakudya kwa anthu amene agwirapo kale ntchito zaka zingapo, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu la maiko opindula. Chilengezo chimatuluka kudzera ku maofesi a akazembe a Ireland, monga ya ku Lilongwe yomwe idatsegulidwa mu 2007. A ku South Africa ali ndi yawo yotchedwa dzina la Kader Asmal, yemwe adaphunzitsa zamalamulo pa Trinity College Dublin zaka zambiri ali kothawa tsankho, asanabwerere kwawo kukakhala nduna. Palinso Government of Ireland International Education Scholarships, malo 60 pachaka kwa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, yomwe imachotsa fizi ndi kupereka €10,000.

Yunivesite yabwino ndi iti?

Funso lothandiza ndi lakuti: phunziro limene ndikulifuna, ndipo kwathu kulibe, lili kuti? Dzina la Trinity College Dublin limakopa, ndipo m'pomveka. Idakhazikitsidwa mu 1592, ili pakatikati pa mzinda, ndipo m'laibulale yake mumasungidwa Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lolembedwa ndi manja zaka zoposa 1,000 zapitazo. Koma wophunzira zaulimi kapena za ziweto angapindule kwambiri ku University College Dublin, ku Belfield, kumwera kwa mzindawu. Wa za chakudya ndi chitukuko cha kumudzi ayang'ane ku University College Cork. Yunivesite imeneyi idayamba mu 1845, ndipo mphunzitsi wake woyamba wa masamu adali George Boole, amene maganizo ake ndiwo tsinde la momwe makompyuta amawerengera lero. University of Galway, ya mu 1845 yomweyo, ili kugombe la kumadzulo ndipo imadziwika ndi maphunziro a ufulu wa anthu. University of Limerick ili m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, kunja pang'ono kwa tauni, ndipo ili ndi sukulu yotchuka ya nyimbo ndi magule. Dublin City University ndi yamphamvu pa utolankhani ndi uphunzitsi. Maynooth ndi tauni yaing'ono ya pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Dublin, komwe yunivesite idakulira pambali pa seminale yakale ya Akatolika.

Ine ndikadafunsidwa ndi mwana wa mlongo wanga, ndikadamuuza kuti ayambe kuyang'ana kunja kwa Dublin. Cork, Galway ndi Limerick nakonso nyumba n'zosowa, koma mizindayi ndi yaing'ono, munthu amayenda wapansi, ndipo nkhope zimazolowerana msanga. Kwa mlendo wa miyezi inayi, kuzolowerana msanga ndi chuma.

Zimene ndikaphunzire kumeneko zidzawerengedwa pa digiri yanga?

Ili ndiye funso lalikulu kuposa onse, ndipo ambiri amalifunsa atabwerako. Mayunivesite a ku Ireland amawerengera ntchito ya wophunzira m'makirediti a ECTS: 30 pa semesita, 60 pachaka, ndipo kosi imodzi kawirikawiri imakhala ya 5 kapena 10. Yunivesite ya kwanu ili ndi kawerengedwe kake. Wina ayenera kukhala pansi n'kugwirizanitsa ziwirizi, kosi ndi kosi, ndipo zilembedwe papepala losainidwa ndi mkulu wa dipatimenti yanu, ofesi ya kaundula wa ophunzira, ndi yunivesite yokulandiraniyo. Lonjezo la pakamwa la mphunzitsi amene amakukondani silokwanira. Iye akhoza kupita kutchuthi kapena kusamutsidwa inu muli ku Cork, ndipo wolowa m'malo mwake adzafuna pepala.

Sankhani makosi oposa amene mukufuna, onse avomerezedweretu, chifukwa mukafika mudzapeza ina yadzaza, ina ikuwombana nthawi ndi inzake, ina chaka chino kulibe. Yang'ananinso kalendala. Ku Ireland semesita yoyamba imayamba mu Seputembala n'kutha mu Disembala, yachiwiri imayamba mu Januwale n'kutha mu Meyi. Makalendala a mayunivesite a kwathu sayenda chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo nthawi zina amasuntha. Zikapanda kukumana, mukhoza kunyamuka musanalembe mayeso a kwanu kapena kubwerera anzanu ali pakati pa teremu. Kuwonjezera chaka pa digiri chifukwa cha ulendowu si tsoka ngati mwachisankha mukudziwa. Chowawa n'kudzachidziwira pobwerera.

Kaphunzitsidwe kake n'kosiyana ndi kwathu?

N'kosiyana, makamaka pa zimene sizionekera pa ndandanda ya maphunziro. Masabata ophunzitsa ndi pafupifupi 12. Maola okhala m'kalasi akhoza kuoneka ochepa, makamaka kwa a maphunziro a zachikhalidwe ndi mbiri, mpaka munthu n'kuganiza kuti wapeza mpumulo. Maola opanda kalasiwo ndi a laibulale. Mphunzitsi amapereka mndandanda wa mabuku ndi zolembalemba, sadzakufunsani ngati mwawerenga, koma adzaziona mu nkhani imene mudzalembe. Wozolowera kuloweza manotsi n'kuwabweza pa mayeso amadabwa akapatsidwa malikisi apakatikati pa ntchito yopanda cholakwa chilichonse. Chimene aphunzitsi akufuna ndi maganizo anu: mwawerenga akatswiri atatu, akutsutsana pati, inu mwaima mbali iti, pa chifukwa chanji.

Apa m'pamene wochokera kwathu ali ndi mwayi umene ambiri sauzindikira. M'kalasi ya zachitukuko, zaumoyo kapena zanyengo, anzanu ambiri amadziwa chilala, ngongole za feteleza kapena chipatala cha kumudzi kudzera m'mabuku. Inu mudaziona. Musakhale chete kumbuyo. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo aphunzitsi abwino amakondwa wina akanena kuti zimene bukulo likunena sizikugwirizana ndi zimene zimachitika ku Nsanje kapena ku Chipata.

Malikisi asakuopseni. M'mayunivesite ambiri 40 ndiko kukhoza, 60 mpaka 69 ndi ntchito yabwino ndithu, ndipo 70 kupita m'mwamba ndi kalasi yoyamba. Kholo likamva kuti mwana wapeza 66 lisadandaule. Chimene aphunzitsi sakhululukira ndi kukopera: ntchito zimadutsa m'makina ofufuza mawu obedwa, ndipo ndime yotengedwa kwina osatchula mwini wake ikhoza kugwetsa munthu kosi yonse.

Aphunzitsi ambiri amafuna kutchulidwa dzina lawo loyamba, ngakhale ali mapulofesa a imvi. Kwa ife oleredwa kunena kuti "bambo" ndi "mayi" lilime limakana masiku oyamba. Yambani ndi ulemu wonse m'kalata yoyamba, kenako tsatirani momwe iwo asainira poyankha.

Za viza zimayenda bwanji?

Kale Amalawi ankalowa ku Ireland popanda viza, koma zidasintha mu 2015, ndipo a ku South Africa ndi Botswana nawo adayamba kufunika viza mu 2024. Wokakhala masiku oposa 90 amafunsira viza ya mtundu wa D. Fomu imadzazidwa pa intaneti, pa tsamba lotchedwa AVATS, ndipo pamapeto pake imakuuzani kokapereka mapepala. Mukhoza kufunsira kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke, ndipo yankho likhoza kutenga masabata 8 kapena kuposa, choncho tsiku limene kalata yokulandirani yafika ndilo tsiku loyamba kuthamanga.

A ofesi ya viza amafuna kalata ya yunivesite, umboni wakuti fizi yalipidwa kapena kuti pali wokulipirirani, inshuwalansi ya zaumoyo, umboni wa Chingerezi (mayunivesite ambiri amafuna 6.5 pa mayeso a IELTS), ndi umboni wa ndalama zodyera. Kwa chaka chathunthu ndalamazo ndi €10,000 kupatula fizi. Kwa miyezi yochepa zimawerengedwa pamwezi. Amayang'ana sitetimenti ya kubanki ya miyezi 6. Ndalama zambiri zogwera mu akaunti kutatsala sabata imodzi, zobwerekedwa kwa amalume kuti zingooneka, zimadzutsa mafunso. Ngati amalumewo ndiwo akulipiradi, alembe kalata, aonetse akaunti yawo ndi umboni wa ubale wanu. Chikalata chabodza chimodzi chikhoza kutsekera munthu khomo kwa zaka 5.

Mukafika, wa pabwalo la ndege amadinda pasipoti kwa kanthawi, ndipo muyenera kukalembetsa ku ofesi ya olowa ndi otuluka ya ku Burgh Quay ku Dublin kuti mulandire khadi lotchedwa IRP. Mtengo wake ndi €300. Ikani ndalamayi padera musananyamuke.

Ndingathe kugwira ganyu kuti ndizidzithandiza?

Zimadalira chidindo chimene mwapatsidwa. Wa Stamp 2, chomwe chimapatsidwa kwa ochita maphunziro athunthu ovomerezeka, amaloledwa maola 20 pa sabata m'nthawi ya sukulu, ndi maola 40 kuyambira Juni mpaka Seputembala komanso kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Januwale. Wa semesita imodzi kawirikawiri amapatsidwa Stamp 2A, chomwe sichilola ntchito ngakhale ya ola limodzi. Wololedwayo amafunikanso nambala ya PPS, yomwe ndi ya msonkho.

Malipiro otsikitsitsa mu 2025 adali €13.50 pa ola. Munthu akaisandutsa makwacha mutu umazungulira, ndipo abale kumudzi akamva amayamba kuwerengera malata. Koma ndalamayo imadyedwa komweko, ndi lendi ya komweko. Ndanena kale kuti maola opanda kalasi ndi a laibulale. Wowagulitsa onse ku lesitilanti amabwerera ndi foni yatsopano ndi malikisi ofooka. Makolo, muuzeni mwana asananyamuke kuti simukuyembekezera kanthu kwa iye chaka chimenechi. Mawu amenewo amamupeputsa katundu wamkulu.

Pogona ndikapeza bwanji?

Apa ndiye pali minga. Ireland ili pa vuto lalikulu la kusowa kwa nyumba, ndipo eni dziko enieni akulira nalo. Ku Dublin si zachilendo kumva chipinda chimodzi cha m'nyumba za ophunzira chikupitirira €1,000 pamwezi. Zipinda za pa yunivesite n'zochepa, zimatha msanga, ndipo kulandiridwa pa sukulu sikutanthauza kuti mwapatsidwa bedi. Lembetsani tsiku lomwelo limene atsegula kalembera. Wa semesita imodzi zimamuvuta kwambiri, chifukwa eni nyumba amafuna munthu wa chaka chonse.

Pali njira imene kumeneko amaitcha digs: kukhala m'chipinda cha m'nyumba ya banja, nthawi zina ndi chakudya chomwe. N'kotsikirapo mtengo, ndipo kwa munthu woleredwa pakati pa anthu, kumva phokoso la banja m'nyumba kumachiza. Funsitsani ziwiri musanavomere. Choyamba, ngati ndi masiku asanu kapena asanu ndi awiri, poti ophunzira a ku Ireland ambiri amapita kwawo Lachisanu ndipo eni nyumba ena amayembekezera kuti chipindacho chikhala chopanda munthu mpaka Lamlungu madzulo. Inu kwanu kuli kutsidya kwa nyanja. Chachiwiri, ngati mudzaloledwa kuphika. Dziwaninso kuti wokhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake satetezedwa ndi malamulo a lendi monga momwe amatetezedwera wochita lendi nyumba payekha, choncho zimene mwagwirizana zilembedwe.

Akuba amadziwa kuti mlendo ali ndi nkhawa. Amaika pa Facebook zithunzi za chipinda chokongola pamtengo wotsika, n'kunena kuti mwini wake ali kunja kwa dziko ndipo makiyi adzatumizidwa mukalipira dipoziti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apolisi a ku Ireland, omwe amatchedwa Garda, amachenjeza za chinyengo chimenechi chaka ndi chaka sukulu zikamatsegulidwa. Musatumize ndalama pa chipinda chimene inu, kapena munthu amene mumamudziwa nkhope, simunalowemo. Ofesi ya zogona ya pa yunivesite ndi bungwe la ophunzira amakhala ndi mndandanda wa eni nyumba, ndipo bungwe la Threshold limapereka uphungu waulere kwa alendi. Zikavuta, lipirani malo ogona alendo kwa sabata yoyamba, mufike msanga maphunziro asanayambe, musake muli pomwepo.

Wina akuti angandipezere malo pa koleji ya ku Dublin ndikamupatsa ndalama. Ndimukhulupirire?

Chenjerani. M'zaka za 2014 ndi 2015 makoleji angapo ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi anthu wamba adatsekedwa mwadzidzidzi ku Ireland, ophunzira akunja n'kutsala manja m'khosi fizi atalipira kale, ndipo Amalawi adali m'gulu la ovutikawo. Kuchokera pamenepo boma limasindikiza mndandanda wa maphunziro ovomerezeka kwa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya. Kosi imene palibe pa mndandandawo isiyeni. Mayunivesite amalandira makalata kuchokera kwa wophunzira mwini, ndipo fizi imalipidwa ku akaunti ya yunivesite, osati ya munthu.

Kuzizira kwake n'kotani?

Chisanu choundana ngati cha ku Canada n'chosowa. M'miyezi yozizira kutentha kumakhala pamwamba pang'ono pa madigiri 0, kawirikawiri pakati pa 4 ndi 8. Chimene chimalowa m'mafupa ndi chinyezi ndi mphepo. Ganizirani chiperoni cha ku Thyolo chimene chakana kuchoka. Mvula yake ndi yowaza, yobwera cham'mbali, ndipo ku Galway ambulera sakhalitsa. Jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa, nsapato zosalowa madzi, ndi zovala zovalirana zingapo n'zokwanira, ndipo masitolo a zovala zakaunjika a mabungwe achifundo alipo m'tauni iliyonse.

Mdima ndiwo umadzidzimutsa. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa n'kulowa itangopitirira 4 koloko masana. Ife tidazolowera usana ndi usiku zolingana pafupifupi chaka chonse, ndipo thupi limasokonezeka: tulo tosatha, ulesi, chisoni chopanda chifukwa. Si kufooka kwa mtima ndipo si kulodzedwa. Tulukani panja masana ngakhale kuli mitambo, ndipo zikapitirira pitani kwa alangizi a pa yunivesite, omwe amathandiza ophunzira mwaulere. Wopita mu Januwale amayamba ndi mdima n'kumaona masiku akutalika sabata ndi sabata, mpaka mu Juni kumawala kufika cha m'ma 10 koloko usiku. Wopita mu Seputembala zimamuyendera mosemphana. Wokhala ndi mwayi wosankha aganizirepo.

Zina n'zodziwika kale: magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo mapulagi a magetsi ndi a mano atatu omwe aja. Nthawi ili m'mbuyo ndi maola awiri m'nyengo yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yotentha.

Chingerezi chawo ndidzachimva?

Masabata awiri oyamba mudzapempha anthu kubwereza, makamaka ku Cork komwe amayankhula mothamanga ndi mokweza ndi kutsitsa mawu ngati nyimbo. Kenako khutu limatseguka. Munthu akati grand akutanthauza kuti zili bwino basi, ndipo craic ndi macheza osangalatsa. Potsika basi anthu amathokoza dalaivala, khalidwe limene Mmalawi salivutikira.

Mudzaona zikwangwani zili m'zinenero ziwiri. Chinacho ndi Chiairishi, chomwe eni ake amati Gaeilge, ndipo malamulo a dziko amachiika patsogolo pa Chingerezi. Dublin m'chinenerochi ndi Baile Átha Cliath. Pafupifupi ana onse amachiphunzira kusukulu, koma ochiyankhula tsiku ndi tsiku pakhomo ndi ochepa, ambiri m'madera a kugombe la kumadzulo otchedwa Gaeltacht. Pafupifupi mtundu wonse udasiya chinenero cha makolo m'mibadwo yowerengeka chifukwa ntchito, sukulu ndi ulendo wa kunja zinkafuna Chingerezi, ndipo tsopano ukuwononga ndalama ndi mphamvu zambiri kuchibwezeretsa. Ife amene m'matauni mwathu muli ana oleredwa osadziwa kupereka moni m'Chichewa tili ndi chophunzira pamenepa. Mayunivesite ambiri ali ndi kosi ya oyamba kumene ya Chiairishi yokonzera alendo, ndipo ndingailimbikitse kwa aliyense amene ndandanda yake ili ndi mpata.

Nanga nsima?

Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia, monga a mu msewu wa Moore Street ku Dublin, ndipo Cork, Galway ndi Limerick nakonso aliko. Nyamulani mthiko. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union siziloledwa kulowa, choncho musayese kubisa m'chikwama. Kuphika nokha ndi zogula ku Aldi kapena Lidl kumapulumutsa ndalama zambiri kuposa china chilichonse.

Patebulo la eni dziko mudzakumana ndi mnansi wakale: mbatata ya kachewere, imene pa msika wa ku Tsangano kapena ku Dedza ena amangoti airishi. Dzinali lili ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1840 anthu osauka a ku Ireland ankadalira mbatatayi monga ife timadalirira chimanga. Mu 1845 matenda adagwira mbewuyi, nabwereza zaka zotsatira. Pofika mu 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni adali atafa ndipo enanso oposa 1 miliyoni adali atathawira kunja, pamene zakudya zina zinkatumizidwabe kunja kwa chilumbacho pansi pa ulamuliro wa Britain. Mpaka lero chiwerengero cha anthu pa chilumbachi sichidafikenso pomwe chidali njalayo isanagwe. M'mbali mwa mtsinje wa Liffey ku Dublin, pa Custom House Quay, pali zifaniziro za anthu owonda akuyenda kulowera kudoko, mmodzi atanyamula mwana paphewa. Munthu amene agogo ake adamusimbira za njala ya 1949, kapena amene adaona ya 2002 ndi maso ake, akaima pamenepo safuna womufotokozera. N'chifukwa chake mabungwe monga Concern Worldwide ndi Trócaire, amene maina awo timawaona pa magalimoto m'midzi mwathu, ali ndi mizu yozama chotero kwawo. Musabwerere musanakafike pa malo amenewa.

Ndidzapeza anzanga? Tsankho liliko?

Anthu a ku Ireland ndi ochezeka, amayambitsa nkhani ndi mlendo pa siteji ya basi, koma kuchezeka ndi ubwenzi n'zosiyana. Ophunzira ambiri ali kale ndi anzawo a ku sekondale ndipo kumapeto kwa sabata amapita kwawo. Khomo lolowera ndi magulu a ophunzira, omwe amalemba mamembala sabata yoyamba: a mtsutso, a kwaya, a zisudzo, okwera mapiri, a masewera. Lowani limodzi la anthu a ku Africa kuti mtima ukhale pansi, ndi lina limene mulibe wa kwanu ngakhale mmodzi. Kaonereniko hurling, masewera a ndodo ndi kampira kolimba othamanga kwambiri. Bungwe la GAA, lomwe lidayamba mu 1884, limayendetsa masewerawa, ndipo osewera ake salipidwa ngakhale amadzaza bwalo la Croke Park la anthu oposa 82,000. Macheza ambiri amachitikira ku pub, koma wosamwa mowa amakhala nawo ndi chakumwa chozizira popanda womukakamiza. Mipingo iliko, ya Katolika, ya Anglican, ya Presbyterian ndi ya chipentekoste yodzaza anthu a ku Africa, komanso mizikiti m'mizinda ikuluikulu.

Tsankho liliko, ndipo kubisa n'kulakwira wopitayo. Ophunzira akuda ena amakumana ndi mawu achipongwe mumsewu kapena m'basi, ndipo kusowa kwa nyumba kwapatsa mpata magulu odana ndi obwera. Mu Novembala 2023 pakati pa mzinda wa Dublin padabuka zipolowe zosonkhezeredwa ndi magulu otere, mabasi adatenthedwa ndi masitolo kuthyoledwa. Anthu ambiri a dzikolo adanyansidwa nazo, ndipo pa mayunivesite pamakhala bata. Usiku yendani ndi anzanu, sungani nambala ya 112 kapena 999, ndipo chikakuchitikirani kanenani kwa a Garda ndi ku ofesi ya ophunzira akunja. Musachisunge mumtima nokha.

Funso la kholo: mwanayu adzabwerera?

Chilolezo chake chili ndi tsiku lothera, ndipo kupitirira tsikulo kumaipitsa dzina lake pa viza iliyonse imene adzafunsire m'tsogolo, ngakhale ya dziko lina. Wongocheza semesita kapena chaka digiri yake ili kuno, ndiye ayenera kubwera kudzaimaliza. Amene wamaliza digiri yathunthu ku Ireland akhoza kupempha Stamp 1G, chomwe chimalola wa digiri yoyamba kukhala chaka chimodzi akufuna ntchito, ndi wa masitazi mpaka zaka ziwiri. A Ireland Fellows Programme amalonjeza kubwerera kwawo akamaliza, poti cholinga cha thandizolo n'chakuti luso likagwire ntchito komwe adachokera.

Masabata awiri otsiriza ali ndi ntchito yake. Wophunzira apite kwa mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene amudziwa bwino, awapemphe ngati angadzamulembere kalata yomuchitira umboni akamadzafunsira masitazi, ndipo awapatse imelo yakeyake, chifukwa ya yunivesite imatsekedwa akachoka. Akopere zolemba zake zonse pa chifukwa chomwecho. Ajambule chipinda asanapereke makiyi kuti dipoziti ibwere yonse. Zotsatira za mayeso zimatuluka iye atafika kale kumudzi, za semesita yoyamba cha mu Januwale kapena Febuluwale, za yachiwiri cha mu Juni, choncho afunsiretu kuti chikalata cha malikisi chidzatumizidwa kwa yani ndi njira iti. Chikafika, achitenge pamodzi ndi pepala lija adasainitsa asananyamuke, apite nazo yekha ku ofesi ya kaundula, ndipo asachokepo mpaka ataona makirediti 30 aja alowa m'buku.